Ndalama ndi yomweyo, koma choko chachepa: kodi thandizo la boma ku masukulu lingayende limodzi ndi mitengo?

Ndinakhalapo pa msonkhano wa makolo pa sukulu ina ya pulayimale chakumtunda kuno ku Dedza, tsiku lozizira, amayi atafunda zitenje mpaka m'makutu. Msungichuma wa komiti atamaliza kuwerenga m'mene ndalama za chaka zinayendera, bambo wina wachikulire anaimirira, chipewa chili m'manja.

"Aphunzitsi aakulu, pepani, ine sukulu sindinapite nayo patali. Koma chaka chija munatiuza kuti boma latipatsa ndalama, tinagula malata, simenti, choko ndi mapepala. Chaka chino mukuti ndalama ndi yomweyo, mwinanso yawonjezekako pang'ono, koma mwangogula choko ndi mapepala basi. Nanga yotsalayo yalowera kuti?"

Anthu anang'ung'udza movomereza. Ahedi sanayankhe ndi pakamwa. Analowa mu ofesi n'kutuluka ndi mafayilo awiri a malisiti, la chaka chija ndi la chaka chino, n'kuwayala pa desiki kuti aliyense aone. Malisiti anali okwanira. Panalibe tambala yosowa. Chimene chinasowa ndi katundu.

Sindikunena kuti kulibe masukulu kumene ndalama zimadyedwadi. Aliko, ndipo makolo amachita bwino kufunsa. Koma pali njira ina imene ndalama ya sukulu imatheramo popanda munthu kuikhudza, ndipo imeneyi ndiyo yavuta kuimvetsa. Nkhaniyi yakula kwambiri tsopano pamene boma linalengeza kumapeto kwa 2025 kuti kuyambira Januwale 2026 maphunziro m'masekondale a boma akhala aulere. Kholo likasiya kulipira, sukulu imatsala ikuyang'ana thumba limodzi lokha, la boma. Thumbalo likamabwera ndi nambala yosasintha pamene mitengo ikuthamanga, mavuto amene pulayimale yakhala ikuwadziwa kwa zaka zambiri amafikanso kusekondale.

Kukwera mitengo kumene akatswiri amanena

Pa wailesi mumamva mawu akuti inflation. Tanthauzo lake ndi liwiro limene mitengo ya zinthu zambiri ikukwerera pamodzi m'dziko. Tomato akakwera ku Bembeke chifukwa mvula yawononga madimba, imeneyo si inflation. Ndi vuto la tomato, ndipo mwezi wamawa atsika. Koma chimanga, sopo, mafuta ophikira, lendi, minibasi ya ku Lilongwe ndi kope la mwana zikamakwera zonse, osabwereranso, ndiye kuti chimene chasintha ndi kwacha imene ili m'thumba mwanu. Yatha mphamvu.

Amene amayeza zimenezi ndi ofesi ya boma yowerengera zinthu ya National Statistical Office, imene likulu lake lili ku Zomba. Ali ndi dengu la m'maganizo lodzaza ndi zinthu zimene banja la Mmalawi limagula, ndipo mwezi uliwonse amatuma anthu m'misika ndi m'masitolo kukafunsa mitengo ya zinthu zomwezo. Mtengo wa dengu lonselo ndiwo amautcha CPI. Akanena kuti inflation ili pa 30 peresenti, akutanthauza kuti dengu limene linkagulidwa K100,000 mwezi ngati womwewu chaka chatha, lero likufuna K130,000.

M'chaka cha 2021 liwiroli linali cha m'ma 9 peresenti. Mu 2022 linafika cha m'ma 21, mu 2023 cha m'ma 29, ndipo mu 2024 cha m'ma 32. Zifukwa zake ambiri tikuzikumbukira: kwacha inachepetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, kenako ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, pamene dola imodzi inachoka pa K1,180 n'kufika pa K1,700. Onjezanipo namondwe wa Freddy mu Malichi 2023, ng'amba ya 2024 imene inakweza chimanga, kusowa kwa ndalama zakunja, ndi kubwereka kwa boma.

Pali chinthu chimodzi chimene chimasokoneza anthu ambiri, ngakhale ophunzira. Akalengeza kuti inflation yatsika kuchoka pa 32 kufika pa 28, sakunena kuti mitengo yatsika. Akunena kuti ikukwerabe, koma liwiro lachepako. Minibasi yochoka pa boma kulowera ku Lilongwe ikachepetsa liwiro pa Chimbiya, sikuti yayamba kubwerera ku Dedza ayi. Ikupitabe kutsogolo.

Ndalama za sukulu ya boma zimadzera mitsinje ingapo

Kuti timvetse kumene kukwera mitengo kumaluma, tiyenera kudziwa kaye kuti sukulu silandira ndalama kudzera njira imodzi. Chiyambireni 1994, pamene boma la Bakili Muluzi linathetsa fizi ku pulayimale ndipo ana anachuluka kuchoka pa 1.9 miliyoni kufika cha m'ma 3 miliyoni m'chaka chimodzi, funso lakhala lomwelo: ngati kholo silipira, choko agula ndani?

Mtsinje waukulu kwambiri ndi malipiro a aphunzitsi. Umenewu sudutsa m'manja mwa komiti. Umapita ku akaunti ya mphunzitsi aliyense, ndipo ndiwo umatenga gawo lalikulu zedi la ndalama za pulayimale. Mtsinje wachiwiri ndi ndalama zoyendetsera ntchito za tsiku ndi tsiku, zimene m'maofesi amazitcha ORT. Zimachoka ku Treasury, nthambi yosunga chuma cha boma, kupita ku khonsolo ya boma, n'kumathandiza ofesi ya maphunziro ndi alangizi a m'mazoni, aja timawatcha ma PEA, kugula mafuta a njinga zamoto, kulipira magetsi ndi kuyendera masukulu. Mabuku nthawi zambiri amagulidwa ku likulu. Midadada ya makalasi imabwera mwa apo ndi apo, kudzera m'mapulojekiti, thumba la chitukuko la m'dera la phungu, mipingo kapena mabungwe.

Mtsinje umene makolo amauona ndi maso ndi wa SIG, chidule cha School Improvement Grant, ndalama imene imalowa mu akaunti ya sukulu yeniyeniyo kamodzi pa chaka. Inayamba ndi maboma ochepa cha m'ma 2010 n'kufalikira dziko lonse m'zaka zotsatira. Komiti ya sukulu, bungwe la makolo ndi aphunzitsi la PTA, gulu la amayi, mafumu ndi aphunzitsi amakhala pansi n'kulemba pulani, ndipo malangizo ake anagawa ndalamayo patatu: theka ku zokweza maphunziro m'kalasi, 40 peresenti ku zothandiza kuti ana onse afike ndi kukhalabe pa sukulu, 10 peresenti ku kayendetsedwe. M'ndalama imeneyi ndimo mumachokera choko, mapepala olembapo masikimu, penti wa bolodi, kukonza chimbudzi chogumuka, yunifolomu ya mwana wamasiye, nthawi zina ndi kangachepe ka mphunzitsi wothandizira.

Mitsinje imeneyi simva kukwera mitengo mofanana. Malipiro ali ndi owalankhulira: bungwe la aphunzitsi la TUM limakambirana ndi boma, likhoza kuopseza sitalaka, ndipo pafupifupi chaka chilichonse pamakhala kukweza kwina, kaya kokwanira kaya kosakwanira. Choko chilibe bungwe. Ndalama ikaperewera, zimene zimayamba kufinyika ndi zimene sizingathe kuchita sitalaka.

Nambala ya pa pepala ndi mphamvu yogulira

Thumba la chimanga mukaliika m'nyumba osathira mankhwala, pakatha miyezi isanu limaonekabe lodzaza. Kamwa lake n'losokabe, chilembo chakunja chikunenabe 50 kg. Mukalinyamula ndi pamene mumadziwa kuti anankafumbwe anamaliza kale ntchito. Ndalama yosasintha nambala m'nthawi yokwera mitengo ili chimodzimodzi.

Tiyerekeze sukulu imene inalandira K1,000,000 mu 2021, ndipo yakhala ikulandira yomweyo chaka ndi chaka. Munthu akhoza kuphatikiza 21, 29 ndi 32 n'kupeza 82, n'kunena kuti mitengo yakwera ndi 82 peresenti pofika 2024. Masamu ake sayenda choncho. Kukwera kwa chaka chino kumakwera pamwamba pa kukwera kwa chaka chatha, monga chiwongoladzanja cha katapila chimaberekera pa chinzake. K1,000,000 ikakwera ndi 21 peresenti imakhala K1,210,000. Imeneyo ikakwera ndi 29 peresenti imafika cha m'ma K1,560,000. Imeneyonso ikakwera ndi 32 peresenti imafika cha m'ma K2,060,000. M'zaka zitatu zokha mitengo inawirikiza kawiri. Sukulu ija, polandirabe K1,000,000 mu 2024, inkagula katundu amene mu 2021 akanagulidwa ndi K485,000. Theka la thandizo lake linadulidwa, ngakhale palibe nduna imene inaimirira m'Nyumba ya Malamulo kulengeza kuti yadula, ndipo palibe phungu amene anavotera zimenezo.

Kuwonjezera nakonso kumanyenga. Tinene kuti ndalama yakwezedwa ndi 20 peresenti m'chaka chimene mitengo yakwera ndi 30. Pa pepala ndi nkhani yabwino yoomberapo m'manja. Pogula, sukulu yatsika ndi pafupifupi 8 peresenti. Ndiye ngati ana achulukanso ndi atatu pa 100 aliwonse, chimene chikugwera mwana mmodzi chatsika ndi 10 peresenti. N'chifukwa chake akatswiri safunsa kuti ndalama ndi zingati basi. Amafunsa kuti ndi zingati pa mwana mmodzi, mitengo itachotsedwapo.

Masamu omwewa amathanso kukomera boma, ndipo chilungamo chake tinene. Mu bajeti ya 2023/24 gawo la maphunziro linalengezedwa kuti lapatsidwa cha m'ma K603 biliyoni, ndipo mu 2024/25 cha m'ma K895 biliyoni. Kumeneko ndi kukwera kwa 48 peresenti, kuposa liwiro la mitengo la chaka chimenecho. Mukachotsa mitengo pamatsala kukwera kwenikweni kwa cha m'ma 12 peresenti. Koma nambala yaikuluyo muli zonse: malipiro, aphunzitsi atsopano, mayunivesite, ngongole za ophunzira, zomangamanga. Mtsinje ukhoza kusefukira ku Lilongwe, ngalande yopita ku sukulu ya kwa Kachindamoto ili youma. Ndiponso chimene chalengezedwa mu Febuluwale sichikhala nthawi zonse chimene chatulukadi ku Treasury pofika kumapeto kwa chaka.

Kumangirira ndalama ku mitengo

Njira imene mayiko ena amagwiritsa ntchito akatswiri amaitcha indexation. M'Chichewa tingati kumangirira: ndalama ya sukulu imamangiriridwa ku muyeso wa mitengo, kotero kuti muyesowo ukakwera, ndalamayo imakwera yokha mwalamulo, osadikira kuti wina akumbukire kapena apemphe.

Amalawi njirayi timaidziwa kale, kungoti kumbali yowawa. Kuyambira 2012 mtengo wa petulo ndi dizilo unaikidwa pa ndondomeko yakuti bungwe la MERA liziunika mtengo wogulira mafuta kunja ndi mphamvu ya kwacha, ndipo kusintha kukapitirira 5 peresenti, mtengo wa pa pampu usinthenso. Kumeneko ndi kumangirira. Eni nyumba za lendi amachita zomwezo m'njira yawoyawo, ngakhalenso mayi wogulitsa mbatata ya kachewere pa Lizulu sadikira bajeti kuti asinthe mtengo wa ndowa. Pafupifupi aliyense amene sukulu imagulako zinthu amasintha mtengo wake msanga. Sukulu yokha ndi imene imadikira.

Ku Australia, ndalama imene boma lalikulu limawerengera mwana aliyense imakwezedwa chaka ndi chaka ndi muyeso wosakaniza: magawo atatu mwa anayi amatsata kukwera kwa malipiro a antchito, gawo limodzi limatsata CPI, ndipo kukwerako sikutsika pansi pa 3 peresenti. Anasakaniza dala chifukwa ndalama zambiri za sukulu zimapita kwa anthu, osati ku katundu.

Chitsanzo cha ku Colorado, chigawo cha dziko la America, chili ndi phunziro lochuluka. Mu 2000 anthu kumeneko anavota kuti zilembedwe m'malamulo aakulu a chigawocho kuti ndalama ya mwana aliyense izikwera ndi inflation, kuwonjezerapo 1 peresenti kwa zaka khumi zoyamba. Zinayenda bwino mpaka chuma chinagwa mu 2008. Misonkho itachepa, aphungu anapeza khomo lakumbuyo: ankakweza nambala ya maziko monga lamulo likunenera, kenako n'kuchotsa chigamba pa ndalama yonse asanaitumize. Kuyambira 2010 mpaka pamene anasiya mchitidwewu mu 2024, masukulu anaperewedwa ndalama zokwana pafupifupi madola 10 biliyoni. Lamulo linalipo, lolembedwa pamwamba penipeni, koma silinabereke ndalama imene kunalibe.

Kumene kulibe kumangirira, nambala imatha kugona zaka. Ku Kenya maphunziro aulere a pulayimale atayamba mu 2003, mwana aliyense ankawerengeredwa mashilingi 1,020 pa chaka. Panadutsa zaka zoposa khumi kuti ifike pa 1,420, ndipo inakhalanso pamenepo zaka zina zambiri. Kwathu kuno aphunzitsi akumidzi ali ndi chitsanzo chawo: alawansi ya kumudzi inayamba pa K5,000 cha m'ma 2010, n'kudzakwera kufika pa K10,000, kenako n'kukhazikika pomwepo nthawi yaitali. Poyamba inali ndalama yoti munthu akhoza kulolera nayo kukakhala kutali ndi tala. Patapita zaka inasanduka ya kabaza wopita kukatenga malipiro ndi kubwerako.

Dengu la sukulu si dengu la pakhomo

Tinene kuti mawa Nyumba ya Malamulo yavomereza kuti SIG izimangiriridwa ku mitengo. Funso loyamba likhala lakuti: mitengo yake iti?

Dengu la ku Zomba lija ndi la banja, ndipo pafupifupi theka lake ndi chakudya, makamaka chimanga. Chaka cha zokolola zambiri chimanga chikatsika, CPI imafatsa. Koma sukulu ya pulayimale yoyendera sigula chimanga chambiri. Imagula mapepala, inki ya makina osindikizira mayeso, penti, misomali, malata, maloko, simenti. Zambiri mwa izi zimachokera kunja, kapena zimapangidwa konkuno ndi zipangizo zakunja, choncho zimatsata dola, ndipo nthawi zambiri dola yake si ya ku banki koma ya pamsika wamseri, kumene amalonda ambiri amakaipeza ndalama zakunja zikasowa. Zikhoza kuchitika kuti CPI ikuti 25 peresenti pamene limu ya mapepala yakwera ndi theka. Sukulu yomangiriridwa ku CPI ikhalabe ikutsalira, ngakhale pang'ono.

Sekondale yogonera konko, monga Dedza Government kapena Ntcheu Secondary, ili mbali inayo. Kumeneko mutu umawawa ndi ufa, nyemba, mafuta ophikira, nkhuni ndi magetsi. Kumayambiriro kwa 2024, pamene mitengo ya chakudya inkakwera ndi liwiro loposa 40 peresenti, sukulu yotere inkamva ululu woposa umene nambala ya dziko lonse inkaonetsa. Bajeti ya khitchini yolembedwa mu Seputembala, chimanga chikadali chofikirika, imakhala itatha ntchito pofika Febuluwale.

Palinso mtunda. Sukulu ya pafupi ndi boma ikhoza kutuma mphunzitsi wapansi kukatenga makoteshoni atatu m'masitolo n'kubwerako nthawi yopuma isanathe. Sukulu ya ku Golomoti kapena Mtakataka, kunsi kwa phiri, kapena ya kutali kwa Tambala, iyenera kulipirira osayinira ku banki ulendo, kulipiranso galimoto yonyamula simenti. Mafuta akakwera, sukulu yakutali imalipira kawiri: pa katundu ndi pa msewu. Kukweza masukulu onse ndi peresenti imodzimodzi kumasunga kusiyana kumene kunalipo kale. Amene anayamba ndi zochepa amapitirira ndi zochepa. N'chifukwa chake akatswiri ena amati musanamangirire, yambani mwakonza maziko: werengani kuti kuphunzitsa mwana mmodzi chaka chonse kumafunadi ndalama zingati lero, kumudzi ndi m'tauni, ndipo mumangirire nambala imeneyo. Mukamangirira nambala imene anankafumbwe anaidya kale, mwangolonjeza kuti kuperewerako kudzakhala kofanana mpaka kalekale.

Mayiko ena amapanga dengu lapadera la masukulu. N'zotheka kunonso, koma zimafuna anthu oyenda m'masitolo mwezi ndi mwezi, ndipo muyeso uliwonse watsopano umabweretsa mkangano wa amene auwerenge. Ubwino wa CPI ndi wakuti ilipo kale, imatuluka mwezi uliwonse, ndipo mphunzitsi wamkulu aliyense akhoza kuimva pa wailesi n'kudziwerengera yekha.

Funso lina ndi lakuti titsate mitengo ya chaka chatha kapena yoyembekezeka chaka chamawa. Ya chaka chatha ndi yotsimikizika koma imafika mochedwa: sukulu imabwezeredwa zimene inataya kale. Yoyembekezeka imafika pa nthawi yake, koma ndi kulosera, ndipo nduna za zachuma, za chipani chilichonse, zimakonda kulosera kuti mitengo ifatsa. Njira yapakati imene ena amatsata ndi kuyamba ndi yolosera, kenako pakati pa chaka, bajeti ikamaunikidwanso, n'kuwonjezera ngati mitengo yathamanga kuposa m'mene ankaganizira.

Kuchedwa nakonso ndi kudula

Kwa ine, apa ndi pamene nkhaniyi imaiwalika kwambiri. Chaka cha boma cha zachuma chinasintha mu 2022, tsopano chimayamba pa 1 Epulo n'kutha pa 31 Malichi. Chaka cha sukulu chimayamba mu Seputembala. Nambala ya bajeti imawerengedwa cha m'ma Januwale ndi Febuluwale, pa mitengo ya nthawi imeneyo. Ngakhale zonse zitayenda bwino, ndalama imakagwira ntchito patapita miyezi isanu ndi iwiri kapena kuposa. Ikachedwanso m'njira, kuchoka ku Treasury kupita ku khonsolo, kuchoka ku khonsolo kupita ku akaunti ya sukulu, imatha kufika teremu yachiwiri ili pakati.

Mitengo ikamakwera ndi 30 peresenti pa chaka, mwezi uliwonse umadya kupitirira 2 peresenti. K1,000,000 yochedwa miyezi isanu ndi umodzi imagula katundu wa K877,000. Ndipo kumeneko ndi kuwerengera ngati mitengo imakwera pang'onopang'ono, pamene nthawi zina imalumpha tsiku limodzi. Ganizirani komiti imene inatenga makoteshoni mu Okutobala 2023, n'kulemba pulani ya malata makumi atatu, ndalama n'kudzalowa mu Disembala, kwacha itagwa kale pa 9 Novembala. Mwini sitolo amangoloza pa khoma pamene palembedwa kuti koteshoni imagwira ntchito masiku asanu ndi awiri. Pulani inavomerezedwa kale ndi PEA, malata ake ndi makumi atatu, ndalama ikukwana makumi awiri. Denga la malata makumi awiri silifolera kalasi, choncho komiti imasiya dengalo n'kugula zing'onozing'ono, ndipo mvula ya Januwale imapeza ana a Sitandade 2 ali pansi pa mtengo womwe uja.

Podikira, ahedi ambiri amatenga choko ndi mapepala pa ngongole kwa wamalonda wodziwana naye. Wamalondayo si wopusa. Amaika mtengo wa tsiku limene adzalipidwe, osati la lero. Kutumiza ndalama pa nthawi yake sikufuna lamulo latsopano kapena tambala yowonjezera pa bajeti, koma phindu lake likhoza kufanana ndi kukweza thandizo ndi 10 peresenti.

Nanga bwanji boma silingolamula kuti zitero?

Amene amafuna kumangirira ali ndi mfundo zomveka. Amati maphunziro ndi ufulu wolembedwa m'malamulo aakulu a dziko, ndipo lamulo la maphunziro la 2013 linati pulayimale ndi yokakamiza. Sizigwirizana kukakamiza mwana kupita ku sukulu imene thandizo lake likusungunuka. Amati komiti ikadziwa kuti ndalama ya chaka chamawa idzagula zofanana ndi ya chaka chino, ikhoza kukonza ntchito ya zaka zitatu m'malo mongozima moto. Amatinso boma likaperewera, mtolo sutha, umangosamukira kwa kholo: ndalama ya chitukuko, ya mayeso, ya mlonda, ya phala. Mwana amene kwawo alibe ndiye amayamba kujomba. Mfundo yawo yaikulu ndi ya poyera: ngati boma likufuna kuchepetsa thandizo, libwere lidzanene m'Nyumba ya Malamulo, aphungu avote, m'malo mosiyira mitengo kuti idule mwakachetechete.

A ku Treasury nawo ali ndi yankho losapeputsa. Ndalama za boma zimachokera ku misonkho, thandizo lakunja ndi ngongole. N'zoona kuti mitengo ikakwera msonkho wa VAT umakweranso, popeza ndi peresenti ya mtengo, koma ngongole nayo imakwera. Mu bajeti ya 2024/25, ya pafupifupi K6 thililiyoni, chiwongoladzanja chokha cha ngongole za boma chinali cha m'ma K1.4 thililiyoni, kuposa gawo lonse la maphunziro. Malipiro, penshoni ndi chiwongoladzanja n'zosathawika. Chotsala chogawana n'chochepa. Mukamangirira masukulu, achipatala adzafunsa kuti nanga mankhwala, achitetezo nawo adzafunsa, alimi adzafunsa za fetereza. Zonse zikamangiriridwa, nduna imatsala yopanda pokhotera chaka cha njala kapena cha namondwe. Ndipo ngati boma libwereka kapena kusindikiza ndalama kuti likwaniritse malonjezo omangiriridwawo, likuthira mafuta pa moto womwe uja wa mitengo. Dziko la Brazil linadutsamo m'zaka za m'ma 1980, pamene malipiro, lendi ndi mapangano ambiri zinkatsata mitengo ya dzulo, ndipo kukwera kwa dzulo kunkabereka kukwera kwa mawa mpaka anasintha ndondomeko yonse mu 1994.

Oyankha amati SIG ndi kadontho poyerekeza ndi bajeti yonse, kotero kuimangirira yokha sikungagwedeze chuma monga kumangirira malipiro a onse ogwira ntchito m'boma. Enanso amapereka njira zapakati: kuika malire kuti kukwerako kusapitirire peresenti yakuti, kuunikanso nambala zaka ziwiri zilizonse mwalamulo, kapena kulola boma kuimitsa kumangirirako chaka cha mavuto koma litafotokoza poyera ndi kulemba ngongole imene latsala nayo kwa masukulu. Palinso muyeso umene mayiko anagwirizana ku Incheon, m'dziko la South Korea, mu 2015, wakuti maphunziro azilandira pakati pa 15 ndi 20 peresenti ya bajeti. Umenewu umateteza gawo la maphunziro pa mphika wonse, koma sunena kanthu za kagawidwe ka m'katimo, ngati ndalamayo ithera ku yunivesite kapena ifika ku Sitandade 1.

Zimene kholo lingafunse pa msonkhano

Pa msonkhano uja, chimene chinathetsa mkangano si mawu a ahedi koma mphunzitsi wina wachitsikana wa Sitandade 7, amene anatenga choko n'kujambula mizere itatu pa bolodi limene analitulutsa panja. Mzere woyamba analemba dzina la katundu, wachiwiri mtengo wa chinthu chimodzi pa lisiti la chaka chija, wachitatu mtengo wake pa lisiti la chaka chino, kapena wa m'sitolo pa zimene sanagule. Bokosi la choko, limu ya mapepala, thumba la simenti, lata limodzi, ulendo wa kabaza wopita ku banki. Kenako anagawa ndalama ya chaka chilichonse ndi chiwerengero cha ana a m'rejista, n'kufunsa makolo kuti ndalama ya mwana mmodzi ikanagula makope angati chaka chija, ndipo ikugula angati lero.

Sukulu iliyonse ikhoza kudzipangira dengu lake motere, la zinthu zisanu kapena khumi zimene imagula chaka chilichonse, n'kulimata pa bolodi la zidziwitso pambali pa chikalata cha SIG. Pamenepo mafunso amasintha. Kholo limafunsa tsiku limene ndalama inalowa mu akaunti ndi tsiku limene pulani inalembedwa. Limafunsa ngati mtengo wa pa lisiti ukufanana ndi wa m'sitolo zina za pa boma mwezi womwewo, chifukwa kukwera mitengo kumathanso kukhala chobisalira cha wakuba, ndipo mzere wachitatu uja ndi umene umamuyalutsa. Masukulu a zoni imodzi akaphatikiza madengu awo ku TDC, malo okumanirapo aphunzitsi a m'zoniyo, khansala ndi phungu amalandira pepala la manambala a kwawo komweko, loti akhoza kupita nalo ku khonsolo nthawi yokonza bajeti isanakwane.

Bambo wachikulire uja anayandikira bolodi, nayang'ana mzere wa simenti nthawi yaitali. Kenako anatembenukira kwa mphunzitsiyo n'kumupempha kuti asafufute, akaitane kaye amfumu amene anali atachoka msanga kupita kumaliro.